Chenjerani ndi Malonda a NFT

Anthu a mu Blantyre, tcherani khutu. Inu ogulitsa kaunjika ku Limbe, inu aphunzitsi a ku Ndirande, inu amayi a banki mkhonde ku Bangwe ndi ku Chilomoni: wina akabwera ndi nkhani ya NFT, gwiritsitsani chikwama chanu.

Adzakuonetsani pa foni kachithunzi ka nyani wovala chipewa, nkunena kuti gulani lero, mawa mtengo ukwera. Adzakukumbutsani kuti kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Pamenepo sakunama, tonse zinatiwawa. Koma akugwiritsa ntchito mantha anuwo kuti akudyereni.

Mvetsani chimene akugulitsa. NFT ndi chiphaso cholembedwa m'kaundula wa pa intaneti wotchedwa blockchain, chonena kuti chinthu chakuti ndi cha uje. Chithunzicho aliyense angathe kuchikopera ulere. Inu mwagula mzere wa m'kaundulamo basi. Alipo ojambula ndi oimba amene amagulitsa ntchito zawo mwachilungamo m'njira imeneyi, sitikukana. Koma mtengo wa NFT umadalira kuti papezeke wina wofuna kukugulani. Akasowa, ndalama yanu yapita.

Mu Malichi 2021, uthenga woyamba umene Jack Dorsey analemba pa Twitter unagulidwa ngati NFT pa mtengo wa madola 2.9 miliyoni. Patangotha chaka, woigulayo atafuna kuigulitsa, tsiku lotsekera malonda linafika wamkulu mwa ofuna kugula atatchula madola osafika 300. Ameneyo anali munthu wa ndalama zake. Nanga inu amene mwachotsa pa mpamba wa tomato?

Choopsa kwambiri ndi anthu amene dzina la NFT angolibwereka. Amakulowetsani m'gulu la WhatsApp kapena Telegram, nkukupatsani pulogalamu yoonetsa phindu likukwera tsiku ndi tsiku. Sabata yoyamba amakulolani kutapa kangachepe, kuti mukauze anzanu a kutchalitchi. Kangachepeko ndi ndalama za olowa kumene. Tsiku lomwe mudzafune kutapa zonse, adzati lipirani kaye msonkho. Mukalipira, nambala yawo ya foni siipezekanso. Ku South Africa, kampani ya Mirror Trading International inkalonjeza phindu la Bitcoin kwa obweretsa anzawo, ndipo inagwa mu Disembala 2020, anthu ambirimbiri nkungogwira njakata.

Dziwaninso ichi: mu 2019 Reserve Bank of Malawi inalengeza kuti ndalama za crypto, zimene anthu amagulira NFT, si ndalama zovomerezeka m'dziko muno. Komanso zimene zatumizidwa pa blockchain sizibwezedwa. Palibe kauntala ya banki ya pa Victoria Avenue kumene mungakadandaule.

Musakongole kwa katapila chifukwa cha zimenezi. Musakhudze thumba la banki mkhonde, kapena fizi ya mwana. Mawu 12 achinsinsi a chikwama chanu cha crypto, ngakhale PIN ya Mpamba kapena Airtel Money, musauze munthu, kaya adzitche bwana wa kampani. Wokuuzani kuti mubweretse anzanu atatu kuti mukwere, mukaneni pomwepo, ngakhale akhale mlamu wanu.

Ngati mwatumiza kale, musawonjezere kuti mupulumutse zoyambazo. Sungani mauthenga onse, manambala a foni ndi manambala a malipiro, mukanene ku Fiscal Police. Ndipo amene munawakokera m'gulumo aimbireni foni lero, asanatumize za mwezi uno.