Tsiku limene mabatire anatha pa Lizulu

Abale anzanga, sabata ino za ndale ndaziika kaye pambali. Ndikuuzani za kope.

Mwezi watha tinaika m'manda agogo anga aamuna, obereka malemu bambo, kwathu kufupi ndi msika wa Lizulu ku Ntcheu. Titameta, azakhali anatsegula sutikesi yawo yachitsulo. Ndalama munalibe, ena mpaka nkhope zinagwa. Munali makope a ngongole a golosale imene agogo ankayendetsa m'mbali mwa msewu wa M1. Inu amene mumayenda pakati pa Dedza ndi Ntcheu mukudziwa kuti pamenepo msewu ndiwo malire: mbali ino ndi Malawi, ukangodumpha phula uli ku Angónia, ku Chipwitikizi monga amanenera akuluakulu.

Makopewo palibe anawafuna, ndiye ndinatenga ine. Paja mtolankhani ndi chiswe, akaona pepala sapirira.

Tsamba limene landisowetsa tulo ndi la Lolemba, pa 5 Okutobala 1992. Dzulo lake, Lamulungu, Joaquim Chissano wa Frelimo ndi Afonso Dhlakama wa Renamo anali atasayinirana pangano la mtendere ku Rome, kutseka nkhondo imene inayamba mu 1977. Nthawi imeneyo dziko lino linkasunga anthu othawa nkhondoyo oposa miliyoni imodzi, ndipo cha kwathu ambiri sankakhala m'misasa ayi, anangomanga tinyumba tawo m'midzi momwemo, pakati pa eni mudzi.

Ine tsikulo ndinali ndisanabadwe, choncho ndinakhala pansi ndi amayi kuti andimasulire zolemba za agogo.

Mizere yoyamba ndi ya mabatire okhaokha. Uyu mabatire, uyu mabatire, onse pangongole, ndipo pakati pa tsamba agogo analemba kuti mabatire atha. Amayi anaseka. Akuti palibe anakhulupirira kuti Matsanga angatule mfuti, ndiye aliyense ankafuna kumva ndi khutu lake. Wailesi m'dziko muno inali imodzi yokha, MBC, kanema kunalibe, ndiye anthu ankasaka BBC motsitsa mawu, poti a Payoniya anali ndi makutu aatali.

Mzere wina: khasu limodzi ndi chubu cha njinga. Apa amayi anasiya kuseka. Bambo amene anatenga zimenezi anali mnansi wawo, ndipo mtima unali pa munda umene anausiya kutsidya. Musaiwale kuti 1992 chinali chaka cha chilala choopsa, anthu akudya nsima ya chimanga chachikasu cholandira, ndipo mvula yoyamba inali pafupi. Anzake anamuletsa, ati dikira kaye tione. Iye sabata yomweyo anapalasa njinga. Kuleka kuwombana kunayamba mwalamulo pa 15 Okutobala, koma bomba lokwirira pansi silimva za pangano. Anabwerako atamunyamula pa machira, mwendo umodzi palibe. Ngongole yake agogo anaidula ndi mzere ngakhale sanalandirepo tambala. Ndipo taganizani, boma la Mozambique linadzalengeza kuti latha kuchotsa mabomba odziwika mu 2015, patapita zaka 23!

Tsono mzere wotsiriza. Mchere, ndipo m'malo mwa dzina agogo anangolemba kuti mwana wa bambo wa ku Dómuè. Ngongole imeneyi ndiyo yokhayo patsambali imene sinadulidwe mpaka lero.

Mwana ameneyo ndi amayi anga. Anali ndi zaka 17, ndipo anawoloka msewu mu 1986 ali ndi zaka 11, nkhondo itafika povuta m'chigawo cha Tete. Tsikulo agogo anali otanganidwa ndi za mabatire, ndiye mcherewo anayeza ndi mwana wawo wamwamuna. Mnyamatayo anatumidwa kukalonjerera ngongole. Anapita kamodzi, kawiri, kasanu, ndalama osabwera nayo. Mwamvetsa kale, eti? Pamene anthu ankabwerera kwawo mwaunyinji pakati pa 1993 ndi 1995, agogo obereka amayi ananyamula katundu wawo, koma mwana wamkazi anatsala, atatengedwa chitengwa.

Nkhani zazing'ono ngati izi palibe anazilemba, ndipo sindikudabwa. Patangotha masabata awiri, pa 18 Okutobala, Kamuzu analengeza za referendamu, maso onse anatembenukira ku nyali ndi tambala wakuda. Za othawa kwawo timangozikumbuka tikamadandaula kuti mapiri anayera chifukwa cha nkhuni, kapena kuti mfuti za AK-47 zinalowera kumeneko n'kudzavutitsa anthu m'matauni. Zoona zilipo pamenepo, sindikana. Koma palinso ife, ana a mchere wangongole, ndipo m'malire monsemu, kuchokera ku Dedza mpaka ku Nsanje, tilipo ambiri zedi.

Chandilembetsa n'chiyani? Agogo ali moyo, palibe ankayerekeza kuwakhudza amayi. Lero manda asanaume n'komwe, achibale ena ayamba kale kunong'ona kuti dimba la kachewere limene amayi alima chikwatiwire libwerere kwa eni ake, ndipo iwo azipita kwawo. Kwawo kuti? Munthu wakhala pano zaka pafupifupi 40, waika mwamuna pano, Chipwitikizi amangodziwa cha moni basi. Kutsidyako makolo awo anatha, munda analowa ena. Amene akunena izi ndi omwewo ankagula mafuta ophikira ndi nyemba zolandira kwa othawa kwawo pamtengo wolira, nthawi imene m'nkhokwe mwawo munali mbee. Pa nthawiyo anali achimwene ndi achemwali. Lero ndi obwera.

Mu Disembala 2024, anthu atayambanso kuwolokera ku Nsanje pothawa zipolowe za chisankho ku Mozambique, amayi anamvetsera nkhaniyo pa wailesi mpaka kumapeto osayankhula kanthu, kenako anadzuka n'kupita kudimba.

Mlandu uli Loweruka likubwerali kwa amfumu. Ine ndimati tipeze munthu wodziwa malamulo, koma amayi akana. Akuti, "Iwe bwera ndi kopelo, ugulenso paketi ya mchere pa Lizulu. Ndikabweze kaye ngongole ya apongozi anga anthu onse akuona, za dimba tikambe pambuyo."

Mcherewo ndagula kale, uli m'chikwama.