Mwana wofunsa si wamwano

Sabata yatha mwana wa mlongo wanga, mtsikana wa Sitandade 5, anabwera kunyumba maso ali psuu. Anamaliza masamu anzake akadali pa funso lachiwiri, ndiye anakweza dzanja n'kufunsa chifukwa chake nambala sigawidwa ndi ziro. Yankho limene analandira linali lakuti, "Iwe, ukufuna undiphunzitse ntchito? Khala pansi!" Mawa lake aphunzitsi anamupatsa pepala kuti akamaliza msanga azilemba mayina a olongolola.

Nditamufunsa, anangoti, "Amalume, inetu ndimangofuna kudziwa." Mawu amenewa andisowetsa tulo.

Ife Amalawi mwambi woti safunsa anadya phula timaudziwa tonse. Timaunena pa maliro, pa chinkhoswe, ngakhale mu minibasi munthu akapitirira siteji. Nanga bwanji mwana akaumvera mwambiwo, n'kufunsadi, timamutcha wamwano? Mukudziwa inunso kuti m'kalasi iliyonse mumakhala mmodzi kapena awiri otere, amene mutu wawo umathamanga kuposa choko cha aphunzitsi. Ambiri timangowasandutsa apolisi a m'kalasi, anzawo n'kumadana nawo.

Nkhaniyi yandikumbutsa aphunzitsi athu a Sitandade 7. Analibe digiri. Anali mwana wa kalipentala, ndipo ankatiuza kuti masamu anayamba kuwakonda poyeza matabwa ndi bambo awo. Kusukulu ankabwera pa njinga yakale, kumbuyo atamangirira katoni yodzaza mabatire akutha, mawaya, maginito a m'sipika ndi magalasi osweka. Loweruka pakhonde pawo pankakhala mawailesi a Nzeru a anthu a m'mudzi, iwo ali jijirijijiri kukonza, ife titawazungulira. Usiku ankatuluka panja kukayang'ana nyenyezi, ndipo anthu ena ankawanena kuti mutu wawo sukuyenda bwino. Koma munthu ameneyu ankakonda kuphunzitsa ngati mmene mlimi amakondera dimba lake.

Tsiku lina mnzathu wina anamaliza masamu onse nthawi isanathe theka. Aphunzitsi anamuyang'ana, n'kumulozera mtengo wa bulugamu umene unali kuseri kwa kalasi. "Mwana wanga, pita ukandiuze kutalika kwa mtengo uwo. Koma usakwere." Anamupatsa ndodo ya mita imodzi basi. Mnyamata anazungulira mtengo uja masiku awiri, akukanda m'mutu. Tsiku lachitatu tinangomuona akuzika ndodo pansi, n'kuyeza mthunzi wake, kenako n'kuyeza mthunzi wa mtengo. Anathamangira m'kalasi akufuula yankho, fumbi lili koboo kumapazi. Aphunzitsi aja anaseka mpaka misozi, chimwemwe chawo kuposa cha mwanayo. Ndipo akafunsidwa chinthu chimene sakuchidziwa, sankakwiya. Ankangoti, "Funso limeneli ligone kaye, mawa tidzalidzutsa." Mawa lake ankabwera ndi buku lobwereka.

Koma chimene chimandiwawa kuyambira kale ndi ichi. Dziko lino si kuti silinaganizirepo za ana anzeru zapadera. Mu 1981 Dr Kamuzu Banda anatsegula Kamuzu Academy ku Mtunthama, m'boma la Kasungu, kuti ana okhoza kwambiri ochokera m'maboma onse akaphunzire mpaka Chilatini ndi Chigiriki. Ambiri amene anadutsa kumeneko lero ndi madokotala, maloya ndi mainjiniya. Koma sukulu imodzi singanyamule nzeru za dziko lonse. M'boma lomwelo la Kasungu, ku Wimbe, William Kamkwamba anasiya sukulu ya sekondale chifukwa chosowa fizi pa njala ya 2001 mpaka 2002. Chimene chinamupulumutsa ndi kalaibulale kakang'ono ka pasukulu ya pulaimale, mmene anapezamo buku lotchedwa Using Energy. Ali ndi zaka 14 anamanga makina opanga magetsi ndi mphepo kuchokera ku mitengo ya bulugamu, zitsulo za njinga ndi zotayidwa zina. Anthu ankamuti wamisala. Mu 2014 anamaliza maphunziro ake ku Dartmouth College ku America. Tsopano tadzifunseni, ndi ana angati onga iyeyu amene sanakumane ndi buku, kapena ndi munthu wamkulu woti awafunse kuti, "Ukupanga chiyani apa, tandionetsa"?

Sindikunyoza aphunzitsi ayi. Chiyambire maphunziro aulere a pulaimale mu 1994, makalasi anasefukira, ndipo mphunzitsi wokhala ndi ana opitirira 100 pansi pa mtengo sangathe kuyang'ana aliyense m'maso. Malipiro nawo ndi omwe mukuwadziwawo. Ndi bwinonso kuti tili ndi koleji ya Montfort ku Chiradzulu yosula aphunzitsi a ana osaona, osamva ndi ovutika kuphunzira. Koma za mwana wothamanga mutu timangoti, "Ameneyo ndi wanzeru kale, adzadzionera yekha." Bodza limenelo. Mwana wotere akatopa ndi kudikira amayamba phokoso, kenako kujomba, mapeto ake timamupeza akugulitsa mayunitsi pa depoti, tikumudandaula kuti anali wanzeru. Ena timangowapanikiza kuloweza mayankho a mayeso a MANEB kuti sukulu itchuke posankhidwa ana opita ku sekondale, ngati kuti nzeru zonse zimathera pa mayeso a Sitandade 8.

Aphunzitsi athu aja sanalandirepo ndalama yapadera chifukwa cha katoni yawo ija. Ndodo ya mita imodzi sinagulidwe ndi boma. Anali ndi chidwi chawochawo chofuna kudziwa zinthu, ndipo sankachita manyazi kuphunzira pamaso pa ana. Za ziro zija, mwana wa mlongo wanga tinakhala naye pamkeka ndi nyemba khumi ndi ziwiri. Tinazigawira mbale zinayi, kenako zitatu, kenako ziwiri. Nditachotsa mbale zonse n'kumuuza kuti agawe, anandiyang'ana n'kuseka: "Amalume, ndigawira ndani nanga?" Anali atamva.

Inu aphunzitsi, Lolemba likubwerali mwana akamaliza msanga, musamupatse pepala la olongolola. Mupatseni funso lovuta kuposa loyamba lija. Ndipo inu makolo, mwana akabwera ndi funso lokukanikani, musamuthamangitse kuti akatsuke mbale. Mutengeni mukafunse limodzi kwa amene akudziwa.