ZA TEMWA CHAWINGA: SI LIWIRO LOKHA AYI

Abale anga a pagulu pano, pali anthu ena kuno ku Sharpevale amene akuti Temwa Chawinga ndi liwiro basi, mpira weniweni saudziwa. Ine ndikukana.

Mtsikanayu walowa timu ya Kansas City Current mu 2024, chaka chake choyamba mu ligi ya amayi ya ku America ya NWSL, n'kumwetsa zigoli 20. Mbiri ya Sam Kerr ya zigoli 18 pa sizoni imodzi yagwa. Matimu ena onse 13 amene anali mu ligiyo chaka chimenecho anawachinya, ndipo anamusankha kukhala wosewera wopambana onse. Othamanga alipo ambirimbiri, ngakhale pa Golomoti pompa, koma sanafikeko kumeneko.

Chimene Temwa ali nacho n'kudziwa nthawi yonyamukira. Bambo anga akamakoka chilimira kunyanja sathamangira usipa, amayamba aona komwe gulu lalowera kenako n'kuzinga. Temwa naye amangoima pambali pa wotchinga kumbuyo womaliza ngati watopa, koma mnzake akangodzutsa mutu kuti apatsire, iye wapita kalekale. Thupinso n'lolimba, ukamugunda ndi phewa ugwa ndiwe.

Koma tisanamizane, pofooka pali. Timu ina ikangobwerera yonse kumbuyo ngati mpanda, liwiro lija limasowa kolowera. Ndiye palinso mipata ina amaiphonya yoti ngakhale ine ndi mapazi anga a m'bwatowa ndikanachinya, akatsala yekha ndi goloboyi nthawi zina amamenya mwaphuma. Mu semifainolo anatulutsidwa 3-2 ndi Orlando Pride ya Barbra Banda wa ku Zambia. Kwa ine Banda amamuposa pa chimodzi: kulandira mpira atafulatira golo, kuusunga, anzake n'kufika.

Nkhawa yanga ili pa Scorchers. Ku Kansas kuli Debinha wa ku Brazil womuikira mpira pamapazi. Kwathu kuno mwina mwaonanso, wotchinga kumbuyo amangoubudula m'mwamba kuti Temwa athamangire, mphindi 90 zonse. Mu 2023 tinatenga chikho cha COSAFA titagonjetsa Zambia 2-1, koma pano aliyense wamuonera pa kanema. A FAM ndi aphunzitsi athu, tipezereni osewera apakati awiri odziwa kupatsira mpira wapansi tisanakumanenso ndi Zambia.

Tumizani kwa anzanu okonda mpira.