Makina M'nkhalango: Ocheka Matabwa Alowera Kuti?

Kale pocheka matabwa pa phiri la Zomba kapena la Mulanje, amuna awiri ankagwira sowo imodzi, wina pamwamba pa chipika, mnzake m'dzenje utuchi uli kumthothokera kumaso. Ntchitoyi inkafuna nyonga ndi diso lowongoka, ndipo mnyamata ankaiphunzira poyang'ana atate wake.

Ku Chikangawa zinthu zasintha. Nkhalango ya paini ya kumeneko, imene Boma linayamba kuikuza m'chaka cha 1964 kufikira inapitirira mahekitala 50,000, inadzalidwa ndi manja a anthu zikwizikwi, cholinga chake chili fakitale ya mapepala imene siinamangidwe. M'chaka cha 1999 kampani ya Raiply inatenga fakitale ya matabwa ya kumeneko, ndipo pambuyo pake amalonda ena anafika ndi macheka a injini onyamulika. Mtengo umene amuna awiri ankalimbana nawo tsiku lathunthu, makinawa amausandutsa matabwa dzuwa lisanakwere.

Kumaiko a Finland ndi Sweden afika patali koposa. Munthu mmodzi, ali chikhalire m'galimoto lake, amagwetsa mtengo, kusadza nthambi ndi kuudula m'miyeso imene kompyuta yawerengera. Gulu la anthu a nkhwangwa silifunikanso.

Tsono sikuti ntchito yatha, koma yasintha nkhope. Makina safuna mapewa. Afuna munthu wodziwa kuwerenga miyeso, kunola mano a tcheni, kusakaniza petulo ndi oyilo, ndi kuzindikira pa kulira kwa injini kuti yayamba kudwala. Akasowa wotere, makina a ndalama zambiri amangokhala pa thengo kuchita dzimbiri, kapena amapundula wowagwira. Apa ndi pamene wocheka wakale, amene sanapite patali ndi sukulu, ali pa ngozi yotsala m'mbuyo, ngakhale mitengo aidziwa kuposa mnyamata wa setifiketi.

Boma lili ndi sukulu ya zankhalango ku Dedza, ndipo bungwe la TEVETA, limene linakhazikitsidwa mu 1999, limayang'anira maphunziro a ntchito zamanja. Chofunika ndi maphunziro aafupi ochitikira m'nkhalango momwemo, m'chinenero cha ochekawo, osayamba kuwafunsa mapepala a mayeso.

Palinso ntchito zimene makina sanazilande kuno: kufesa mbande ku nazale, kuwokera, kutengulira ndi kulambula njira zotchinga moto. Moto wolusa ndi kudula kosabwezera zawononga mbali yaikulu ya Chikangawa, kotero manja ofunika podzalanso ndi ambiri zedi.