Foni ya wolemala ikhale m'manja mwa mwini wake

Foni ya m'manja yafika tsopano ngakhale ku midzi kumene basi siifika. Alimi timamverapo mtengo wa cimanga ndi soya, ndipo ana athu a ku Lusaka ndi ku Migodi amatitumizirapo ndalama. Koma pali abale athu ena amene kacipangizo aka kangawathandize koposa ife tonse. Tikunena akuluakulu olemala ziwalo: opuwala ndi poliyo kuyambira ubwana, othyoka msana pa ngozi, ofa mbali imodzi ndi sitiroko, ndi odulidwa mwendo cifukwa ca matenda a shuga. Anthu awa si ocepa. Kafukufuku wa boma wa mu 2015 anapeza kuti pa akuluakulu 100 alionse m'Zambia, pafupifupi 11 ali ndi cilema ca mtundu wina.

Kawirikawiri cimene cimafupikitsa moyo wa munthu wotere ndi matenda obwera pambuyo pa cilemaco. Munthu akagonera mbali imodzi nthawi yaitali, magazi sayenda bwino pa ciuno, pa matako ndi pa cidendene. Pamenepo pamabuka cilonda cimene cingadye mnofu mpaka pa fupa. Acipatala amalangiza kuti wogona azitembenuzidwa maola 2 alionse, ndipo wokhala pa njinga ya olemala azidzinyamulako kapena kupendekeka mphindi 15 mpaka 30 zilizonse. Nanga m'dzinja, banja lonse lili ku munda, ndani angawerenge maola amenewa?

Apa ndipo foni igwira nchito. Ngakhale kafoni ka mabatani kali ndi alamu, ndipo alamu safuna intaneti kapena ndalama. Ikalira, wokhoza kudzitembenuza atembenuka, wosakhoza apeja mwana kapena mlamu amene ali pafupi. Alamu yomweyo imkumbutsa kumwa mankhwala a BP pa nthawi yake, kuti sitiroko isabwerenso, ndi kumwa madzi okwanira, pakuti ofa ziwalo amavutika kwambiri ndi matenda a cikhodzodzo. Imkumbutsanso kulimbitsa thupi. Mu 2020 bungwe la zaumoyo la WHO linalangiza kuti akuluakulu olemala nawonso azilimbitsa thupi mphindi zosacepera 150 pa sabata, monga mwa mphamvu zao. Uku ndi kunena mphindi 30 pa tsiku kwa masiku 5: kuyendetsa njinga ndi manja pabwalo, kunyamula botolo la mcenga, kapena kuthirira ndiwo.

Amene ali ndi foni ya kamera ali ndi mwai wina. Khungu likayamba kuda kapena kutentha pa malo ogonera, angatumize cithunzi pa WhatsApp kwa wa zaumoyo wa pa kiliniki, amuuze ngati ndi cofunika kufuna ngolo kapena motoka lero lomwe. Kupita ku St Francis ku Katete kapena ku cipatala cacikulu ca Chipata cilonda cikali cacing'ono kumapulumutsa miyezi yogona m'wodi.

Cotidetsa nkhawa ndi ici: m'makomo ambiri foni ya wolemala ili m'thumba la munthu wina. Thandizo la ndalama la Social Cash Transfer, limene linayambira ku Kalomo mu 2003, limapereka ndalama zoculukirapo ku banja limene lili ndi wolemala kwambiri, ndipo m'madera ambiri ndalamazi zimabwera pa foni. Motero foni yasanduka cikwama. Mphwake aitenga kukatapa ndalama ku boma, ndipo ibwera patapita masiku atatu, kapena siibwera konse. Nambala inalembetsedwa pa reji ya mphwakeyo, ndipo nambala yacinsinsi aidziwa ndi iye yekha. Mwini wake atsala m'nyumba wopanda alamu, wopanda njira yoitanira munthu akagwa. Akulu anati fodya wako ndiye ali pamphuno, wa pacala ngwa mphepo. Foni imene ili ku msika siingathandize munthu amene ali pa mphasa.

Ena adzati, "Amalume sadziwa kuwerenga, manja ao ndi ouma, foni ya ciani?" Yankho ndi kuwaphunzitsa, osati kuwalanda. Nambala ya wowasamalira ingaikidwe pa batani limodzi lokha. Foni ingamangidwe cingwe ndi kuikoleka m'khosi kapena pa njinga. Wosatha kulemba angatumize mau. Lamulo la anthu olemala la mu 2012 limalemekeza ufulu wao wodzisankhira okha za moyo wao, ndipo ufulu umenewu uyambire pa khomo.

Ticenjezenso kuti foni si dokotala. Pa Facebook ndi WhatsApp pali ogulitsa mankhwala amene amalonjeza kuongola wa sitiroko m'masabata awiri. Munthu asaleke mankhwala a kucipatala cifukwa ca uthenga wa munthu wosamdziwa, ndipo asauze aliyense woimba foni nambala yake yacinsinsi.

Tipempha zinthu zinai. Mabanja alembetse nambala pa reji ya mwini wake, ndipo wokatapa ndalama abweze foni tsiku lomwelo. M'miphakati ndi m'makalabu a alimi tisonkhe kasola kakang'ono, kuti foni ya wodwala ikhale yoyamba kuchajidwa. Cilala ca mu 2024 cinationetsa kuti madzi akacepa ku Kariba ngakhale a m'tauni amasowa magetsi. Makiliniki apereke nambala imodzi imene idzayankhidwadi. A makomiti a CWAC, pocezera mabanja, afunse wolemalayo mwini wake ngati foni ali nayo, osati kufunsa omusunga.

Potsiriza, kuimba foni kusatilepheretse kuyendera abale athu. Alamu ingalire, koma kutembenuza munthu kufuna manja. Sabata ino aliyense wa ife afike pa khomo la wolemala amene amudziwa, aone ngati foni ili pafupi ndi dzanja lake, ili ndi moto, ndipo alamu ndi yochera.