Akhate a ku Mua ndi funso la mwana wa sukulu

Mwana wa Fomu 4 akaimirira m'kalasi nafunsa kuti, ngati Mulungu ngwabwino ndiponso ngwamphamvu zonse, bwanji amalekerera zoipa, aphunzitsi ambiri amamuzazira, ati ndi mwano. Ife tikuti mwanayo ayankhidwe, pakuti funso lakelo lazunguza anthu anzeru kwa zaka zoposa 2,000.

A m'chigwa cha Bwanje sayenera kulifunafuna m'mabuku. Ansembe a White Fathers adafika ku Mua mu 1902, ndipo m'zaka za m'ma 1920 adatsegula malo osungirako akhate. Kumeneko kunkafika anthu oduka zala, ena akhungu, ambiri otayidwa ndi abale awo. Kodi adaalakwanji?

Osakhulupirira Mulungu amayambira pomwepo. Mu 1955 J. L. Mackie, potsata funso limene amati lidachokera kwa Epicurus wa ku Greece, adati mfundo zitatu, zakuti Mulungu ngwamphamvu zonse, ngwabwino kotheratu, ndiponso kuti zoipa zilipo, sizingasenze mphika umodzi monga mafuwa. Limodzi liyenera kugwa, ndipo la zoipalo siligwa, popeza wakhate tikumuona ndi maso.

Okhulupirira adayankha kalekale. Augustine, bishopu wa ku Hippo, m'dziko limene lero ndi Algeria, adaphunzitsa kuti choipa chidabwera munthu atapotoza ufulu wake wosankha, ndipo mu 1974 Alvin Plantinga adanola yankho lomwelo: Mulungu sakadalenga anthu aufulu weniweni amene ali okakamizidwa kuchita zabwino zokhazokha. Makolo athu nawonso ankaganiza chimodzimodzi. Nthano ya ku Kaphirintiwa imati Chauta ankakhala pamodzi ndi anthu ndi nyama, kufikira munthu atapeka moto natentha tchire. Pamenepo Chauta adathaŵira kumwamba pa ulusi wa kangaude. Wolakwa ndi munthu.

Yankholi limakwana tikamakamba za malonda a akapolo amene adasakaza midzi ya m'mbali mwa nyanja, chifukwa kugulitsa mnzako nkusankha. Koma kachirombo ka khate, kamene Armauer Hansen adakatulukira ku Norway mu 1873, adakasankha ndani? Mwana wa ku Mtakataka amene adakatengera kwa amake sadapeke moto uliwonse. John Hick mu 1966 adati mavuto ali ngati chipala chosulira mtima wa munthu. Mwina nzoona kwa ena, komatu nkwapafupi kulankhula motero uli ndi zala khumi. Apa, kunena mosapsatira, wosakhulupirira ali ndi mlandu womveka, ndipo mphunzitsi woona mtima ayenera kuvomera pamaso pa ana.

Komabe nayenso wosakhulupirira sapita kwao akuseka. Ngati kulibe Mulungu, ndiye kuti wakhate amene adafera ku Mua mankhwala asanapezeke mlandu wake udathera kumanda, palibe bwalo lodzaumva. Zimenezi sizitsimikiza kuti Mulungu alipo, koma zikutiuza chifukwa chake osauka ambiri, amene amadziŵa zoŵaŵa kuposa aphunzitsi a ku yunivesite, sataya chikhulupiriro chao, ndipo monga Yobu amakangana naye Mulunguyo osamkana.

Pali yankho lachitatu limene ife tikulikana kwamtuwagalu, nalo ndilo lofala m'midzi mwathu: lakuti wodwala adachimwa, kapena kuti alipo adamlodza. Limeneli ndilo linkapirikitsira akhate kunja kwa mudzi, ndipo mpaka lero likuphetsa nkhalamba zonamiziridwa ufiti. Mackie ndi Augustine, ngakhale akadakangana usiku wonse, sakadaloza gogo wa ku Golomoti kuti ndiye wabweretsa matenda. Mwana woletsedwa kufunsa m'kalasi amakapeza yankho limeneli likumdikira kunyumba.

Khate lidagonja anthu atasiya kufunsa kuti "ndani" nayamba kufunsa kuti "nchiyani". Mu 1981 bungwe la WHO lidavomereza mankhwala ophatikiza, ndipo pofika 1994 odwala m'Malaŵi adatsika kufika pochepera mmodzi pa anthu 10,000 alionse, ngakhale nthendayi ikupezekabe. Pakati pa amene adagwira ntchitoyo padali masisitere opemphera m'maŵa uliwonse, ndiponso akatswiri a sayansi amene sadafunsidwe za chipembedzo chao.

Tikupempha aphunzitsi a ku Bwanje kuti funsoli likadzabuka, apatule phunziro lathunthu, agaŵe kalasi paŵiri, ena aimire Mackie, ena Augustine, kenaka asinthane mbali.