Batire likamafa kawirikawiri, gwirani wakuba musanagule lina

Tili kuno ku Mabeskraal, kumadzulo kwa mapiri a Pilanesberg, m'dera la migodi ya platinamu ya ku Rustenburg. Batire la galimoto likayamba kufa kawirikawiri, ambirife timathamangira kufunsa kuti tigule la mtundu wanji. Ife tikuti funso limenelo limatidyera ndalama. Choyamba kufunsa ndi chakuti chikupha batirelo n'chiyani, chifukwa nthawi zambiri batire limangofera mlandu wa wina.

Tikunena izi chifukwa zinationekera. Tili ndi bakkie ya dizilo yomwe timayendera atatu. Timabwera ndi mpunga wa Kilombero, usipa ndi zitenje, timagulitsa kwa abale ogwira ntchito m'migodi ndi m'midzi yozungulira, ndipo pobwerera timanyamula mabulangete, zitsulo za m'khitchini ndi katundu wa anthu wopita kumudzi. Geni ya kuno ndi ya ngongole: umasiya katundu, n'kudikira kuti mwezi uthe anthu alandire. Choncho galimoto imatha kuima pabwalo masiku atatu kapena anayi osalira, ife tikutolera ndalama wapansi.

Chaka chatha mu Juni, chisanu chitafika pachimake, tinadzuka m'mamawa kuti tinyamuke. Kutembenuza kiyi, sitata inangoti tha-tha-tha, basi. Tinapempha jampa kwa mnansi, tinapita ku Rustenburg n'kugula batire latsopano. Patatha milungu itatu, zomwezo. Tinanena kuti atigulitsa lachinyengo, tinakalipa, tinagulanso lina la mtundu wina. Mabatire awiri, lililonse ndalama zopitirira R1,500, kuchotsa pa mpamba. Lachiwirilo nalo litayamba kufooka, bambo wina wachikulire wa m'mudzi muno, amene kale ankakonza zamagetsi za magalimoto a kumgodi, anabwera ndi kamita kake kam'manja. Sanatenge ola. Anapeza kuti galimoto ili chozimitsa, kiyi ali m'thumba, magetsi okwana 0.6A ankatulukabe. Wakuba anali inverter yotchajira mafoni, yomwe mnyamata wina wa m'mbali mwa msewu anatilumikizira mwachindunji ku batire, osadutsa pa kiyi, pamodzi ndi kababu ka mu kanopi komwe switchi yake inali itafa.

Werengerani nokha. 0.6A kwa maola 24 ndi 14Ah ndi kanthu. Masiku atatu ndi pafupifupi 43Ah, ndipo batire lathu ndi la 70Ah. Ndiye kuti pofika tsiku lachitatu loposa theka linali litapita, kenako m'mawa wachisanu likakankhe injini ya dizilo yozizira. Tikanagula mabatire khumi, onse akanafa imfa yomweyo. Tinkatungira madzi m'chidebe chobooka n'kumadandaula kuti madzi a masiku ano sachedwa kutha.

Kuyambira pamenepo, maganizo athu ndi awa: aliyense woyenda ndi galimoto kudutsa maboda akhale ndi multimeter m'galimoto, monga momwe amakhalira ndi jeke ndi sipanala. Mtengo wake sufika ngakhale pa kotala ya mtengo wa batire. Ndipo batire likafa, oganiziridwa ndi atatu okha: batire lenilenilo, chotchaja, ndi wakuba wa usiku. Afunseni mwa ndondomeko imeneyi.

Musanayeze chilichonse, yang'anani ndi maso. Gwedezani mateminolo ndi dzanja. Ngati akutembenuka, kapena pamera ufa woyera kapena wobiriwira, magetsi sakudutsa bwino polowa ngakhale potuluka. Tsukani ndi madzi ofunda osakaniza ndi soda wophikira, pukutani, mangitsani. Tsatirani waya wakuda wonenepa wochokera ku negative kukafika pomwe wamangidwa ku chitsulo cha galimoto ndi ku injini. Misewu yathu yokumbika imamasula mabawuti amenewa. Onaninso ngati batire lamangidwa zolimba pamalo pake, chifukwa batire lodumphadumpha limawonongeka m'kati.

Woyamba kufunsidwa ndi batire. Litchajeni mokwanira, lisiyeni maola angapo kapena usiku wonse teminolo ya negative ili yomasula, kenako yezani. Lodzaza limaonetsa pafupifupi 12.6V. Likakhala pa 12.2V latsala ndi theka. Pansi pa 12.0V ndiye kuti lapwa. Ngati mwalitchaja bwino, palibe cholumikizidwa, koma m'mawa latsika lokha kufika pa 10.5V kapena chapafupi, selo imodzi yafa ndipo apa kugula lina n'koyenera. Yezaninso mnzanu akuliza galimoto: nambala isatsike kupitirira 9.6V. Ikagwa pansi kwambiri batire lili lodzaza, mphamvu yolizira yatha ngakhale likuyatsa malaiti ndi wailesi. Ngati ndi batire lotsegula pamwamba, onani madzi, ndipo onjezerani madzi a batire okha, osati asidi kapena madzi a pa mpope.

Wachiwiri ndi chotchaja, alternator. Lizani galimoto, ikani mita pa mateminolo. Iyenera kuonetsa pakati pa 13.8V ndi 14.5V. Yatsani malaiti akulu, fani ndi wailesi, muone ngati ikugwirabe pamwamba pa 13.5V. Ikakhala pa 12 ndi kanthu injini ikulira, galimoto ikudya batire osabwezeramo. Musathamangire kugula alternator: yambani mwaona lamba wake ngati wakhwepa kapena wasalala, ndi pulagi ya kumbuyo kwake. Ikapitirira 15V ndiye kuti regulator yafa ndipo ikuphika batire. Mudzamva fungo ngati la dzira lovunda, ndipo batire limatentha kapena kufufuma m'mbali.

Apa tikudandaulireni chinthu chimodzi. Pali amakaniko a pansi pa mtengo omwe amayeza alternator pochotsa teminolo injini ikulira, ati ikapanda kuzima ndiye kuti ikutchaja. Zimenezo zinkachitika pa magalimoto akale opanda kompyuta. Pa galimoto ya lero, magetsi amalumpha mwadzidzidzi n'kutha kuwotcha kompyuta ya injini kapena alternator yomweyo. Munthu akagwira sipanala kuti achite zimenezo pa galimoto yanu, mugwireni dzanja.

Wachitatu ndi wakuba wa usiku, yemwe anatisaukitsa ife. Zimitsani zonse, chotsani kiyi, tsekani zitseko. Tembenuzani mita pa 10A ndi kusuntha waya wake wofiira kulowa pa bowo la 10A. Masulani teminolo ya negative, ikani waya umodzi wa mita pa mutu wa batire, wina pa teminolo mwachotsayo, kuti magetsi onse adutse mu mita. Musalize galimoto mita ili chomwecho, mudzaiwotcha. Dikirani mphindi 30 kapena kuposerapo kuti makompyuta a galimoto agone. Galimoto yabwino imatulutsa pang'ono chabe, pafupifupi 0.05A kutsika m'munsi, za wotchi ndi alamu. Ikaonetsa 0.2A, 0.5A kapena kuposa, muli wakuba. Yambani kuzula mafyuzi imodziimodzi, maso pa mita. Fyuzi yomwe mukazula nambala n'kugwa, wakubayo ali pa mzere umenewo.

Mukazula onse nambala osasintha, yang'anani mawaya ang'onoang'ono omangiriridwa pa mutu wa batire penipeni. Amenewo ndi omwe tinawonjezera tokha: inverter, filiji, tracker, kamera, amplifier, malaiti owonjezera, soketi ya ngolo yomwe yalowa madzi ndi dzimbiri. Masulani umodziumodzi. Zikakanikabe, masulani waya wonenepa wa kumbuyo kwa alternator, batire lili losalumikiza pomasulapo, n'kuyezanso. Diode ya m'kati ikafa, alternator imatchaja masana n'kumayamwa batire usiku.

Inu a mathiraki a 24V, manambala onse a V aja muwawirikize kawiri: mabatire odzaza ndi pafupifupi 25.2V, ndipo injini ikulira muyembekezere pafupifupi 28V. Koma musayeze awiriwo pamodzi pokha, yezaninso lililonse palokha. Vuto lomwe timaliona kwambiri ndi lotenga 12V pa batire limodzi kuti muyatse filiji, wailesi kapena ketulo. Batire limenelo limakhala lanjala nthawi zonse pomwe linzake likupsa ndi tchaji, ndipo mapeto ake onse awiri amafa msanga. Gulani converter yotsitsa 24V kukhala 12V. Posintha, sinthani onse awiri, a msinkhu umodzi ndi mphamvu imodzi.

Tikudziwa ena anena kuti ife ndi ageni, si amakaniko, ndipo nthawi yozula mafyuzi tilibe. Ena ati bakkie ndi yokankha, bola kuimika potsetsereka. Tikumva. Koma taganizirani malo omwe batire limasankha kufera. Silifera pakhomo pa sitolo ya mabatire. Limafera pa mzere wa ku Beitbridge mutagona masiku awiri filiji ikulira ndi mafoni a anthu asanu ali pa tchaji, mzere n'kuyamba kuyenda, anzanu n'kumakudutsani. Limafera ku Nyamapanda, kapena pakati pa Tete ndi Zobue dzuwa likuswa mtengo, kapena usiku pa malo omwe simungafune kutsegula boneti muli ndi katundu wa eni ake. Odzera ku Botswana ndi pa mlatho wa Kazungula mukudziwa kutalika kwa mitunda yopanda mudzi. Ngolo yodzaza simungaikankhe, ya otomatiki simungaikankhe, ndipo masiku omwe anakudindirani mu pasipoti sadikira batire. Lisiti la waranti la ku Rustenburg silikuthandizani muli ku Mwanza.

Chinanso, batire la galimoto silinapangidwe kuti lizipwa mpaka pansi. Nthawi iliyonse likafa, makamaka likagona lakufa, mapuleti a m'kati amachita nkhanambo yolimba ndipo silidzadzazanso ngati kale. Ndiye kujampa tsiku ndi tsiku si kupulumutsa ndalama, ndi kupha batire labwino pang'onopang'ono. Komanso kuliza injini mphindi khumi ili chiimire sikudzaza batire lakufa. Limafuna tchaja ya pakhoma usiku wonse kapena ulendo wautali. Kutentha kwa ku Tete ndi ku Musina kumalikalambitsa mwakachetechete, chisanu cha kuno cha Juni ndi Julayi chimangoulula.

Sitikuti batire silikalamba. Likatha zaka zitatu, zinayi kapena zisanu pa misewu yathuyi ndipo lalephera mayeso, gulani lina mosanyinyirika, ndipo tengani lakalelo popita ku sitolo chifukwa kuno ku Joni amawonjezera ndalama ukapanda kusiya lakale. Chomwe tikukana ndi kugula mwakhungu.

Ife tsopano timachita zitatu. Chilichonse chowonjezera chili ndi fyuzi yakeyake ndipo chimazima ndi kiyi. Galimoto ikamaima masiku opitirira awiri timamasula negative, koma inu a tracker ndi alamu yambani mwafunsa musanatero. Ndipo tsiku loti mawa tinyamuka, timayeza kawiri, injini ili chozimitsa ndi injini ikulira, tisanakweze thumba ngakhale limodzi. Batire lachiwiri lija, lomwe tinatsala pang'ono kulitaya, ndi lomwe likutiyendetsa mpaka lero. Wakutsina khutu ndi mnansi. Muyende bwino, tionana pa boda.